Mmene mungayendere Woudrichem, tauni ya asodzi ndi malinga pa mtsinje wa Merwede

Woudrichem ndi tauni yaing'ono ya m'dziko la Netherlands yomwe anthu ake sakwana 5,000, ndipo ili pamalo pamene mtsinje wa Waal umakumana ndi wa Afgedamde Maas n'kukhala mtsinje umodzi waukulu wotchedwa Boven-Merwede. Eni ake amaitchula kuti Woerkum, choncho musadabwe mukamva dzina limeneli m'boti kapena m'sitolo. Munthu wa phuma akhoza kuizungulira ola limodzi lisanathe, n'kujambula tchalitchi ndi chigayo, kenako n'kubwerera ku Amsterdam akuganiza kuti waiona. Komabe tauniyi siimveka mwa njira imeneyo, chifukwa chuma chake chakale, linga lake, ndende yoyandikana nayo ngakhalenso minda yopanda nyumba yoizungulira, zonsezi zinabwera chifukwa cha mtsinje. Ulendo wopindulitsa ndi umene wakonzedwa motsatira madziwo, ndipo malangizo otsatirawa ndi a munthu amene ali ndi tsiku lathunthu, kapena masiku awiri ngati akufuna kukafika kumadambo.

Nthawi yopitira ndi zoyenera kutenga

Sankhani tsiku la pakati pa Epulo ndi Okutobala. Nyengo imeneyi dzuwa limalowa mochedwa, koma chifukwa chachikulu n'chakuti maboti aang'ono owolotsa anthu kupita ku nyumba yachifumu ya Loevestein amayenda kwambiri m'miyezi yofunda, pamene m'nyengo yozizira maulendo ake amachepa kapena kuima kumene. Onani ndondomeko ya maboti pa intaneti tsiku lonyamuka lisanafike, ndipo mulembe penapake nthawi ya boti lomaliza. Lolemba si tsiku labwino chifukwa nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale m'dzikoli zimakhala zotseka. Lamlungu nalo lili ndi vuto lake: dera la Altena, kumene kuli Woudrichem, lili ndi Akhristu ambiri a mipingo ya Reformed osunga tsiku la Mulungu, kotero kuti m'midzi yozungulira masitolo ambiri satsegula.

Pali nthawi ziwiri pachaka zimene ndi zoyenera kuzilingalira. Loweruka ndi Lamlungu la sabata yachiwiri ya Seputembala dziko lonse limachita Open Monumentendag, pamene nyumba zakale zambiri, ngakhale zimene masiku ena sizilowedwa, zimatsegulidwa kwaulere. Mu Meyi, kumathero a sabata yachiwiri, kumakhala Nationale Molendag, tsiku la zigayo zoyendera mphepo, ndipo anthu amaloledwa kukwera m'kati mwake. Anthu amachuluka masiku amenewa, koma zimene mungaone n'zambiri kuposa masiku wamba.

Tengani jekete yotchinga mphepo ndi mvula ngakhale kunja kutacha bwino, pakuti pamtsinje mphepo siisowa. Valani nsapato zafulati, chifukwa misewu ya m'tauni ndi ya njerwa ndi miyala, ndipo njira za kumadambo zimakhala ndi matope. Khadi la ku banki n'lofunika kuposa ndalama zapamanja: m'sitima ndi m'mabasi mumagunditsa khadi pa kamakina polowa, n'kugunditsanso potuluka, ndipo woiwala kugunditsa potuluka amadulidwa ndalama zochuluka kuposa mtengo wa ulendo wake. Amene akuchokera ku Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe ndi pasipoti ya kwawo ayenera kukhala ndi viza ya Schengen asananyamuke.

Lowani kudzera pamadzi

Ku Woudrichem kulibe siteshoni ya sitima yapamtunda. N'zotheka kufikako pa galimoto kapena pa basi kudzera pa mlatho wa msewu wa A27, koma njira imeneyo imakulowetsani kumbuyo, kudutsa nyumba zamakono zofanana ndi za kwina kulikonse. Njira yoyenera ndi kukwera sitima mpaka ku Dordrecht, kusintha n'kukwera ya njanji yopita ku Geldermalsen, n'kutsikira ku Gorinchem. Kuchokera pasiteshoni yendani wapansi kudutsa m'kati mwa mzinda wakale mpaka kumtsinje, kumene maboti a kampani ya Riveer amanyamulira anthu ndi njinga zawo kupita kutsidya.

Gorinchem, yomwe eni ake amati Gorkum, ili ndi mbiri yake yokwanira tsiku lina lonse. Ili pamene mtsinje wa Linge umathirira mu Merwede, linga lake likadalipo pafupifupi lonse, ndipo Akatolika amaidziwa chifukwa cha ansembe ndi abale a chipembedzo 19 amene anaphedwa ku Brielle mu Julayi 1572, ambiri a iwo atagwidwa mumzindawu. Musachedwepo mmawa, mukhoza kuiona madzulo pobwerera.

Boti likanyamuka, khalani panja osati m'chipinda chagalasi. Mtsinje wa Rhine ukalowa m'dziko la Netherlands umagawikana, ndipo magawo awiri mwa atatu a madzi ake amalowa mu Waal, choncho madzi amene mukuwolokawo ambiri achokera ku Germany ndi ku mapiri a Switzerland. Njirayi ndi imodzi mwa zotanganidwa kwambiri ku Ulaya konse: sitima zazitali zonyamula makontena, mafuta, mchenga ndi miyala ya chitsulo zimadutsa usana ndi usiku pakati pa doko la Rotterdam ndi mafakitale a ku Germany, ndipo woyendetsa boti lanu amachita kudikira mpata kuti adutse pakati pa izo. M'mbali mwa mtsinje muona timakoma tamiyala totuluka kugombe kulowa m'madzi, totalikirana mofanana. Ntchito yake ndi kupanikizira madzi pakati kuti njira ya sitima ikhale yakuya. Pakati pa timakomati pamakhala mchenga wooneka ngati malo abwino osambira, koma musayerekeze kusambirapo, chifukwa madzi amazungulira mwamphamvu kunsonga kwa miyalayo ndipo sitima yaikulu ikadutsa imakoka madzi a m'mphepete.

Mukamayandikira tsidya la kummwera muona zinthu zitatu zitatulukira pamwamba pa linga lobiriwira: nsanja yonenepa ya tchalitchi yopanda nsonga, mapiko a chigayo, ndi denga la chipata chakale. Ndi mmene asodzi, amalonda ndi adani omwe ankaionera tauniyi kwa zaka mazanamazana. Pamalo amenewa pamakumananso zigawo zitatu za dzikoli: Gorinchem ili m'chigawo cha Zuid-Holland, Woudrichem ili mu Noord-Brabant, ndipo Loevestein, imene ikuoneka chakummawa pakati pa mitengo, ili mu Gelderland. Malire otere ndiwo anachititsa kuti aliyense wofuna ulamuliro azilimbirana malowa.

Yambani ndi linga

Mukatsika, musathamangire kulowa m'misewu. Kwerani kaye pamwamba pa linga n'kulizungulira lonse, chifukwa mukatero mudziwa kukula kwa tauni ndi kumene kuli chilichonse. Lingali ndi la dothi, lalitali ndi lokhuthala, lomera udzu ndi mitengo, ndipo kunja kwake kuli ngalande yamadzi. Amene amayembekezera khoma lamiyala lalitali amakhumudwa poyamba, koma dothilo linasankhidwa dala. Mizinga itayamba kugwiritsidwa ntchito pankhondo, makoma a njerwa ankagumuka akawomberedwa, pamene chipolopolo cholowa mu mtumbira wa dothi chinkangotitimira osawononga kanthu. Muonanso kuti lingalo silozungulira bwinobwino koma lili ndi makona otuluka kunja ngati nsonga. Asilikali oima pa kona imodzi ankatha kuwombera mdani amene akukwera khoma pafupi ndi kona inayo, moti panalibe malo obisalapo.

Woudrichem inalandira ufulu wokhala mzinda mu 1356, pansi pa mafumu a banja la Van Horne amene ankalamulira dera la Altena. Mu 1573, pa nkhondo imene Adatchi ankamenyana ndi mfumu ya Spain, asilikali a mbali ya Willem van Oranje, mtsogoleri wa Adatchiwo, anaitentha kuti adani asaigwiritse ntchito, ndipo linga limene mukuyendapoli linamangidwa pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1580. N'chifukwa chake nyumba zambiri zakale za m'tauniyi n'za kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ndi m'ma 1600, ngakhale kuti tauniyo ndi yakale kuposa pamenepo. Inali mbali ya chigawo chakale cha Holland mpaka mu 1815 pamene inaikidwa m'chigawo cha Noord-Brabant, ndipo kuyambira mu 2019 ili pansi pa khonsolo ya Altena.

Pamene msewu ukudutsa m'linga chakumtsinje, imani pang'ono muyang'ane m'mbali mwa khoma. Muona mipata yoongoka yochokera pamwamba kufika pansi, mbali zonse ziwiri za njira. Madzi akakwera, anthu amalowetsamo mitanda yopingasa n'kutseka njirayo, chifukwa linga lomwe linamangidwa kuti litchinge asilikali ndi lomwenso limatchinga mtsinje lero. Kamodzi mwa tinthu tofunika kwambiri m'tauni yonseyi ndi timipata timeneti, ndipo alendo ambiri amatidutsa osationa.

Palingapo pali chigayo choyendera mphepo chotchedwa Nooit Gedagt. Chigayo chakale chinaphulitsidwa ndi asilikali a Germany mu 1945 nkhondo ili pafupi kutha, ndipo chimene chilipo lero chinamangidwa m'zaka za m'ma 1990. Chimagaya tirigu mpaka pano. Mukapeza mapiko akuzungulira ndi chitseko chotsegula, lowani mukwere makwerero ake otsetsereka, mukaone magudumu amatabwa akulumana mano ndi mphero zamiyala zikutembenuka; nyumba yonse imanjenjemera pang'ono ndipo fungo la ufa limadzaza ponseponse. Kumbukirani kutsika chafutambuyo, nkhope itayang'ana makwerero.

M'kati mwa tauni

Misewu yake ndi yowerengeka ndipo simungasochere. Chipata cha Gevangenpoort, chimene chili chakumadzi, n'cha m'zaka za m'ma 1400 ndipo n'chotsala cha khoma loyamba lija. Kwa nthawi ina chinali ndende. Kuchokera pamenepo yendani mu Hoogstraat mukuyang'ana m'mwamba, chifukwa kukongola kwa nyumba za kuno kuli kumaso kwake: nsonga zomangidwa ngati masitepe, ndi miyala yosemedwa yoikidwa pakhoma yosonyeza chithunzi kapena chaka, imene inkathandiza kudziwa nyumba manambala asanayambe. Momwemo muli nyumba yakale ya khonsolo ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Nyumba zambiri mwa izi muli anthu, ndipo Adatchi ambiri satseka makatani. Kuyang'ana kukongola kwa nyumba n'kololedwa, koma kusuzumira pawindo kapena kujambula m'kati n'kupanda ulemu.

Tchalitchi cha Sint-Martinus chinamangidwa ndi Akatolika koma chinakhala cha Apulotesitanti nkhondo ija itasintha zinthu. Nsanja yake inataya nsonga pa mphepo yamkuntho m'zaka za m'ma 1700 ndipo sinabwezeretsedwe, n'chifukwa chake anthu a kuno amaitcha Mosterdpot, poiyerekeza ndi kabotolo ka mpiru. M'tauni muno munachitikiranso msonkhano wa mtendere wa 1419 pakati pa Jacoba van Beieren, mwana wamkazi amene anasiyiridwa ulamuliro wa Holland, Zeeland ndi Hainaut bambo ake atamwalira mu 1417, ndi bambo ake aang'ono, Jan van Beieren, amene ankafuna kumulanda dzikolo. Mgwirizanowo unakomera kwambiri bambo aang'onowo, ndipo pofika 1433 Jacoba anali atataya zonse m'manja mwa msuweni wake, Philip wa ku Burgundy. Dzina lake mulipeza pa nyumba ina yakale m'tauniyi.

Malo oyenera kukhalapo nthawi yaitali ndi nyumba yosungiramo zinthu za usodzi, yomwe ili m'nyumba imene kale asilikali ankasungiramo zida. Mu 1362 Dirk Loef van Horne anapatsa anthu a Woudrichem ufulu wosodza m'mitsinje yozungulira, ndipo kwa zaka pafupifupi 600 tauniyi inkadalira nsomba, makamaka salimoni. Nsomba imeneyi imakulira m'nyanja yamchere koma imakwera mtsinje kukaswana kumtunda, monga mmene mpasa umachokera m'nyanja ya Malawi kukwera mtsinje wa Bua, ndipo asodzi a kuno ankaidikirira panjira. Ankagwiritsa ntchito boti lafulati pansi lotchedwa zalmschouw, lokhala ndi kadenga kansalu kutsogolo kumene ankagonamo akapita kutali, ndipo ankaponya ukonde wautali n'kuulola kuti uyende ndi madzi. Malo abwino oponyera ukonde anali ochepa, choncho ankasinthana motsatira dongosolo lomwe aliyense ankalidziwa.

Usodziwu unafika pachimake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kenako unayamba kutsika mpaka pamene salimoni inatheratu mu Rhine cha m'ma 1950. Zifukwa zake zinali zingapo zimene zinagwira ntchito pamodzi: madamu otchinga njira kumtunda, kuongola ndi kukumba mitsinje komwe kunawononga malo oswanirana, zonyansa za m'mafakitale ndi m'mizinda, komanso kusodza mopyola muyeso. Mu 1986 moto unabuka pa nkhokwe ya mankhwala pafupi ndi Basel ku Switzerland ndipo madzi ozimitsira motowo anapha nsomba zosawerengeka mu Rhine. Ngoziyi inachititsa mayiko a m'mbali mwa mtsinjewu kugwirizana zouyeretsa ndi kubwezeretsa salimoni. Masiku ano nsombayi ikuonekanso koma mochepa, ndipo n'koletsedwa kuigwira. Mukatuluka m'nyumbayi pitani kudoko lakale kunja kwa linga, kumene maboti a mtundu womwewo amamangiriridwa pamodzi ndi sitima zina zakale zimene anthu amazisamalira. Ngati ndi nthawi ya nkhomaliro, funsani nsomba yokazinga kapena mkunga wowamba ndi utsi, womwe amaudya ndi buledi.

Kuwolokera ku Loevestein

Masana kwerani boti lowolotsa oyenda pansi ndi apanjinga kudutsa pakamwa pa Afgedamde Maas. Ulendowo ndi wa mphindi zochepa chabe, ndipo kuchokera pagombe mumayenda pang'ono m'dambo kufika pa ngalande yoyamba. Loevestein inamangidwa cha m'ma 1360 ndi Dirk Loef van Horne yemwe uja, pamalo pamene ankatha kuona boti lililonse lodutsa mu Waal ndi mu Maas n'kulilipiritsa msonkho. Ndi nyumba yanjerwa yolimba, ya mawindo ang'onoang'ono, yopanda zokongoletsa, ndipo amene akufuna zipinda zagolide ndi mipando yachifumu sazipeza kuno. M'zaka za m'ma 1500 anaizungulira ndi linga ladothi, ndipo pambuyo pake anamangamo tinyumba ta asilikali tomwe tikadalipo mondondozana.

Kuyambira mu 1619 nyumbayi inakhala ndende ya boma yosungiramo akaidi a ndale, ndipo mkaidi wake wotchuka ndi Hugo de Groot, katswiri wa malamulo wobadwira ku Delft mu 1583, amene mayiko ena amamudziwa ndi dzina loti Grotius. Kumangidwa kwake kunachokera pa mkangano wa mumpingo umene unasanduka wa ndale. Otsatira chiphunzitso cha Arminius, mphunzitsi wa za chipembedzo, otchedwa Remonstranten, ankatsutsana ndi anzawo pa nkhani ya kusankhidwiratu kwa opulumuka. De Groot ndi mtsogoleri wa boma Johan van Oldenbarnevelt anali mbali ya a Remonstranten, pamene Kalonga Maurits, mkulu wa asilikali, anali mbali inayo. Sinodi ya ku Dordrecht ya 1618 mpaka 1619 inagamula motsutsa a Remonstranten, Van Oldenbarnevelt anadulidwa mutu ku The Hague pa 13 Meyi 1619, ndipo De Groot anaweruzidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Nkhaniyi si yachilendo kwenikweni kwa Akhristu a kwathu: zigamulo za sinodi imeneyo zinapita ku South Africa ndi mpingo wa Dutch Reformed, ndipo amishoni a mpingowo, amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, anazibweretsa pamodzi ndi Katekisimu wa Heidelberg m'mipingo imene lero ili Sinodi ya Nkhoma ya CCAP. Mzinda wa Dordrecht ndi womwe uja munasinthira sitima mmawa.

De Groot ankaloledwa kuwerenga, ndipo mabuku ankabwera ndi kubwerera m'bokosi lalikulu kudzera kwa anzake a ku Gorinchem. Poyamba alonda ankatsegula bokosilo nthawi zonse, koma m'kupita kwa nthawi anatopa nazo. Mkazi wake, Maria van Reigersberch, amene ankakhala naye m'ndendemo, anaona mpata umenewu, ndipo pa 22 Malichi 1621 De Groot analowa m'bokosi m'malo mwa mabuku. Asilikali okha ndiwo analinyamula kutsika nalo masitepe, ndipo wantchito wa banjalo, Elsje van Houweningen, analiperekeza pa boti mpaka ku Gorinchem, pamene Maria anatsala akunamizira kuti mwamuna wake wagona akudwala. Ku Gorinchem De Groot anavala ngati mmisiri womanga nyumba n'kuthawira ku Antwerp, kenako ku Paris, kumene mu 1625 anatulutsa buku lake lonena za malamulo a nkhondo ndi mtendere, limene limawerengedwa pakati pa maziko a malamulo a pakati pa mayiko.

Mukalowa m'chipinda chimene ankasungidwamo, yang'anani kukhuthala kwa khoma pawindo, ndipo potuluka muwerenge zitseko ndi milatho imene bokosilo linadutsa lisanafike kumadzi. Pamenepo mpamene mungamvetse kulimba mtima kwa amayi awiriwo, amene nthawi zambiri amangotchulidwa mongodutsa. Za bokosi lenilenilo musatengeke nazo kwambiri, chifukwa nyumba zingapo zosungiramo zinthu zakale, kuphatikizapo Rijksmuseum ku Amsterdam ndi Prinsenhof ku Delft, zili ndi mabokosi amene akhala akunenedwa kuti ndi omwewo. Ndendeyi inasunganso anthu ena a ndale, monga Jacob de Witt wa ku Dordrecht amene anatsekeredwamo mu 1650.

Chifukwa chake kunja kwa linga kuli mbee

Mukaima palinga la Loevestein n'kuyang'ana kumpoto, kutsidya kwa Waal, kuli Fort Vuren. Linga limeneli pamodzi ndi Loevestein, Woudrichem ndi Gorinchem ankatseka njira ya mtsinje kuti mdani asalowe m'kati mwa Holland, ndipo onsewa anali mbali ya mzere wa chitetezo umene chida chake chachikulu chinali madzi. Nkhondo ikayandikira, ankatsegula zitseko za madzi n'kumiza minda ya m'zigwa mpaka pafupifupi m'mawondo. Kuya kumeneku kunawerengedwa mosamala: kunali kokwanira kubisa misewu ndi ngalande kotero kuti asilikali, akavalo ndi mizinga sizikanatha kudutsa, koma kunali kosakwanira kuti maboti ayendepo. Malinga ankamangidwa pamalo okwera okhaokha amene madzi sakanafika, monga m'mbali mwa mitsinje. Njirayi inaimitsa asilikali a Louis XIV wa ku France mu 1672, ndipo kuyambira mu 1815 anamanga mzere watsopano, Nieuwe Hollandse Waterlinie, wotalika makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Muiden mpaka ku Biesbosch. Ndege zankhondo zitabwera unatha ntchito, chifukwa mu 1940 asilikali a Germany anangouluka pamwamba pake. Mu 2021 bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi.

Lamulo la 1853 linaletsa kumanga mwachisawawa pafupi ndi malinga, mpaka mtunda wa mamita 1,000, kuti owombera aziona patali. Pafupi kwambiri ankalola nyumba zamatabwa zokha, zoti zikhoza kutenthedwa msanga nkhondo ikayamba. Lamuloli linathetsedwa mu 1963. Kwa anthu a nthawi imeneyo linali goli, chifukwa tauni sinkatha kukula ndipo mafakitale ankapita kwina, koma ndi lomwe linasunga maonekedwe amene mlendo amabwerera lero. Amene akufuna kuona malinga ena a mzerewu akhoza kupalasa njinga kupita ku Fort Giessen, Fort Altena kapena Fort Bakkerskil, onse m'dera lomweli la Altena.

Tsiku lachiwiri: njinga ndi madambo

Kuti muone dera lozungulira, bwerekani njinga ku Gorinchem n'kuwoloka nayo pa boti. Njira za njinga m'dzikoli zili ndi mphambano zamanambala: mumalemba manambala a mphambano zimene mukufuna kudutsa, n'kumatsatira tizikwangwani tosonyeza nambala yotsatira. Yendani kudzanja lamanja, tambasulani mkono musanakhote, ndipo musaime pakati pa njira kuti mujambule chithunzi. Dziko ndi lafulati koma mphepo imalemetsa, choncho yambani ulendo molimbana nayo kuti pobwerera, mutatopa, izikukankhani kumbuyo.

Mukatsatira Afgedamde Maas chakummwera mufika pafupi ndi mudzi wa Andel, pamene mtsinjewu unatsekedwa. Kale madzi onse a Maas ankathira mu Waal pa Woudrichem pomwepa, ndipo mitsinje iwiriyi ikadzaza nthawi imodzi, kapena madzi oundana akatseka njira, midzi inkamira. Boma linakumba njira yatsopano, Bergsche Maas, n'kulekanitsa mitsinjeyi mu 1904, ndipo chigawo chakalecho chinatsala ndi madzi odekha amene anthu amapalasamo mabwato.

Dera la Munnikenland, lozungulira Loevestein, likusonyeza mmene maganizo a Adatchi pa za madzi asinthira. Kumayambiriro kwa 1995 mitsinje inakwera kwambiri moti anthu pafupifupi 250,000 anasamutsidwa m'zigwa za pakati pa dzikoli poopa kuti makoma otchinga madzi agumuka. Makomawo anapirira, koma boma linazindikira kuti kumangowakweza sikungathandize mpaka kalekale, ndipo linayambitsa ntchito yotchedwa Ruimte voor de Rivier, yopatsa mitsinje malo osefukira. Ku Munnikenland anabweza khoma m'mbuyo n'kukumba ngalande yothandizira, ndipo minda ina inasanduka dambo la bango ndi misondodzi kumene akavalo ndi ng'ombe zimadya momasuka popanda mbusa. Nyamazi si zoweta mwa masiku onse: musazipatse chakudya, musadutse pakati pa mayi ndi mwana wake, ndipo muzilambalala patali. Madzi akakwera kwambiri msewu wa ku Loevestein umamira, choncho amene akupita nyengo yozizira afunse kaye ngati njira ili yotsegula.

Chakumadzulo, kupitirira Werkendam, kuli Biesbosch, dambo lalikulu la timitsinje ndi tizilumba limene linayamba chigumula cha Novembala 1421 chitamiza midzi ndi minda ya dera lotchedwa Grote Waard. Linakhala malo otetezedwa a dziko mu 1994. Nyama zodula mitengo ndi kumanga m'madzi zotchedwa beaver zinabwezeretsedwamo mu 1988, ndipo zizindikiro zake, zitsa zosongoka ngati pensulo m'mbali mwa madzi, n'zosavuta kuziona kuposa nyamazo, zimene zimatuluka madzulo. Panjira mudutsa Noordwaard, kumene makoma anatsitsidwa dala kuti madzi a Merwede azidutsa akachuluka, ndipo alimi amene anatsalako nyumba zawo zinamangidwa pa zitunda zokwezedwa. Ulendo wa ku Biesbosch ndi wautali ndithu pa njinga, ndipo mukakhala kuti mukubwereranso ku Gorinchem tsiku lomwelo, werengerani nthawi yanu kuchokera pa boti lomaliza n'kusiya ola lathunthu lapadera. Mukaliphonya, njira yotsala ndi kuzungulira kudzera ku Sleeuwijk n'kuwoloka pa mlatho wa Merwede, womwe uli ndi njira ya njinga m'mbali mwake.